Kusudzula a Bonifasio a ku Mayani

Mukamayenda m'misewu ya ku Dedza masiku ano, zikwangwani zobiriwira zija zimakulonjerani paliponse. Pa boma chilipo, pa Bembeke chilipo, pa Linthipe chilipo, ku Thete ndi ku Lobi ziliko. Zonse zimanena mawu amodzi, KWA MKAMWINI TIYIRUMU, ndipo m'munsi mwake muli chithunzi cha bambo wovala chipewa, atanyamula ketulo, akumwetulira ngati munthu amene sanapsepo chala. Bamboyo ndi a Bonifasio. Chipewacho si chawo, anachita kuwaveka tsiku lojambula. Kumwetulirako anachita kuwauza.

Dzinalo linayamba ngati chipongwe. A Bonifasio anachokera ku Chongoni kudzakwatira a Filomena ku Mayani, ndipo monga mwa mwambo wakwathu, mwamuna ndiye anasamukira kwa mkazi. Munda unali wa akazi awo, dimba la akazi awo, mtengo wa mapichesi pakhomo wa akazi awo. Iwo chawo chinali manja, ndi luso lophika masikono limene anatola kukhitchini ya kumishoni ali mnyamata. Anapempha kwa apongozi kamalo m'mphepete mwa njira yopita kumsika, n'kumangapo chisakasa cha udzu, uvuni wa njerwa kuseri, benchi imodzi kutsogolo. Alamu awo a Zikhalo, mlongo wawo wa a Filomena, ankadutsa ndi anzawo akuseka. "Tiyeni tikamwe madzi otentha kwa mkamwini." Anthu anatola mawuwo n'kuwasandutsa dzina.

Koma madziwo ankatenthadi. M'zaka zimene anthu ankathawa nkhondo ku Mozambique, malole a chimanga ankazungulira boma lonse, ndipo madalaivala anauzana kuti ku Mayani kuli tiyi woti supuni imaima. Chisakasa chinasanduka nyumba ya zidina, ya zidina inasanduka ya njerwa zootcha ndi malata. A Filomena ankakhala pa ketulo, a Bonifasio pa uvuni. Tsiku la msika, alimi akagulitsa nyemba ndi kachewere, ankadzaza mabenchi, ena atabwera ndi mbatata yawo yophika m'thumba, ndipo palibe ankawathamangitsa. Munkanunkha utsi, mkaka wowira ndi majekete onyowa ndi chifunga. Munkatha milandu mmenemo, munkayambika maukwati. Amene anamwapo tiyi wa nthawi imeneyo amadziwa zimene ndikunena, enanu mungokhulupirira.

Nthambi zonse zija ndi ntchito ya Kingsley, mwana wawo wamwamuna, amene anakaphunzira zamalonda ku Lilongwe n'kubwerako ataona kuti dzina limagulitsa kuposa tiyi. Anayamba ku Lobi, kenako kwina ndi kwina. Lero masikono amaphikidwa malo amodzi pa boma, n'kumwazidwa ndi galimoto, ndipo amafika ozizira ngati miyala ya mumtsinje. Tiyi ndi katumba kokhala ndi ulusi, kolendewera m'madzi ofunda. Mtsikana wa yunifolomu amakufunsa ngati ukufuna kutchaja foni, ndipo ukatulutsa mbatata yako amakuloza chitseko. A Zikhalo aja, oseka aja, amayang'anira nthambi ya ku Thete, mimba ili patsogolo.

Tiyirumu imodzi yokha inatsala mmene inalili, yoyamba ija ya ku Mayani, chifukwa a Bonifasio ndi a Filomena ankagona m'zipinda za kuseri kwake. Kingsley ankafuna kuigwetsa kuti amangepo yamagalasi yokhala ndi poimika magalimoto. Amayi ake ankamuyankha mawu amodzi chaka ndi chaka: malowa ndi anga, bambo ako akuphikapo. Ndiye mwezi wa Juni, chisanu chili pachimake, a Filomena anamwalira.

Mkamwini akaferedwa mkazi, nkhani yake imakhala poyera. Anabwera chifukwa cha mkaziyo, mkaziyo wapita, nanga iye akhalabe kapena abwerere kwawo? Zimenezi zimagamulidwa tsiku losudzula, pamene abale a malemu amamasula wamasiye ku ukwati. Kusudzula kuli ndi kachitidwe kake, ndipo wokulira kuno amakadziwa osachita kuphunzitsidwa. Mwini mbumba amafunsa wamasiyeyo maganizo ake. Mwamuna waulemu sanganene kuti ndikufuna kukhala, chifukwa kutero n'kupempha malo a eni pamaso pa anthu, ndipo angamuseke mpaka tsiku lake lomaliza. Amayenera kunena kuti ntchito yanga yatha, ndibwerera kwathu. Akatero, mwana wamkazi wa malemu, amene malowo tsopano ndi ake, amaimirira n'kukana. Amati bambo anga sapita kulikonse, adzafera pano. Akuluakulu amavomera, nkhani yatha, mwamuna wasunga ulemu wake, wasunganso nyumba. Koma mwana wamkaziyo akakhala chete, mawu a wamasiye amaima.

Mwana wamkazi wa a Filomena anali mmodzi, Victoria, mkulu wake wa Kingsley. Anachoka ku Mayani ali wa msinkhu umene pa nkhani zotere amakutuma kukatunga madzi, n'kukakhala ku Mangalande zaka zoposa makumi awiri, akugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Kumeneko anamuphunzitsa, n'kumubwerezera mpaka kumulowa m'magazi, kuti munthu wokalamba sumusankhira. Umamufunsa chimene akufuna, n'kulemekeza yankho lake ngakhale likupweteke. Anabwera kumaliro a amayi ake, ndipo Kingsley anati poti achemwali alipo, zosudzula zichitikiretu asanabwerere. Palibe anamukhazika pansi kumuuza mbali yake. Mayi wamkulu chonchija, ndani akanaganiza kuti sakudziwa?

Dzulo lake la mwambowo Victoria anapeza bambo ake kuseri, atasonkha moto mu uvuni ngakhale tiyirumu inali yotseka chifukwa cha maliro. Anali atakanda mtanda wochepa, wa anthu a panyumba pomwepo.

"Ababa, mawa akakufunsani mudzati chiyani?"

"Ndidzayankha zimene munthu amayankha."

"Koma inuyo mumtima mwanu mukufuna chiyani?"

A Bonifasio anasuzumira mu uvuni, n'kukankha makala ndi chitsulo. Anatsokomola.

"Tandipatsira thireyi iyo. Ayi, inayo, yopindikayo. Amayi ako ankati ndiitaye, koma ndi imene sipsereza."

"Ababa, ndikufunsa."

"Ine pano ndilibe pakamwa, mayi. Pakamwa ndi iwe."

Victoria anamva chisoni, akuganiza kuti ndi mawu a munthu wotopa amene wazolowera kudzichepetsa. Anawagwira phewa n'kuwalonjeza kuti sadzalola munthu aliyense kuwakakamiza chimene sakufuna. A Bonifasio anamuyang'ana kanthawi, kenako anagwedeza mutu, akuyesa kuti mwana wamva.

Masana ake Kingsley anamutenga pa galimoto kukagula zakudya za alendo. Anali munthu wosangalatsa kucheza naye, Kingsley, ndipo nchifukwa chake zinthu zinkamuyendera.

"Achemwali, jekete lonseli? Mwapirira chisanu cha azungu zaka zonsezi, cha ku Mayani n'kukugonjetsani sabata imodzi?"

"Kumeneko m'nyumba mumafunda. Kuno mumazizira kuposa panja."

"Ndi zimene ndikunenatu ine. Nyumba ija yatha. Mwaona mmene akutsokomolera madala? Ndi utsi wa uvuni umene uja."

"Iwe ukufuna malo aja, usandinamize ndi chifuwa cha ababa."

"Ndikuwafuna, sindibisa. Taonani." Anamupatsa foni, pali chithunzi cha nyumba yamagalasi, maambulera panja, anthu ojambulidwa akumwa tiyi atapingasa miyendo. "Koma ine sindigwetsa nyumba munthu ali m'kati. Mawa chimene anene iwo ndi chomwecho. Akati akhala, akhala, ine ndikamanga kwina. Akati apita, tisawakakamize. Munthu wamkulu uja, ali ndi maganizo ake. Si mmene mumachitira kwanuko?"

"Ndi mmene timachitira."

"Basi, ndiye tagwirizana."

Kingsley anakulira ku Mayani. Ankadziwa bwino lomwe kuti bambo ake atha kusankha kufa kusiyana n'kunena pagulu kuti ndikhala.

M'mawa mwake anatulutsa mabenchi a mu tiyirumu n'kuwandanda pabwalo la kuseri. Amuna anakhala pa mabenchi, amayi pa mphasa, aliyense atadzikulunga chifukwa dzuwa linali lisanagonjetse chifunga. Kuchimuna kunabwera a Gerevazio, mphwawo wa a Bonifasio wochokera ku Chongoni, bambo wofatsa amene ankangopotokola chipewa m'manja. Atapemphera, a Zikhalo anaimirira monga mwini mbumba. Anayamika alamu awo mawu ambiri. Anati anali mkamwini wosaba, wosamenya, wosamwa, amene anatukula dzina la mudzi mpaka likuwerengedwa mumsewu waukulu. Anati mlongo wawo wagona, chingwe chaduka, ndipo iwo ngati mbumba alibe mangawa ndi munthu.

"Ndiye alamu, tifuna timve kwa inu. Maganizo anu ndi otani?"

A Bonifasio anaimirira pang'onopang'ono. Anali atavala jekete lawo la kutchalitchi.

"Zikomo alamu, zikomo nonse. Ine ndinabwera kuno ndi kachikwama kamodzi. Munandilandira, munandipatsa mkazi, munandipatsa pogona. Ana ndalera, akula, mukuwaona. Amene ndinadzera wapita. Ntchito yanga yatha, ndibwerera kwathu ku Chongoni."

Anakhala pansi, manja pa mawondo.

Pa mphasa panachita zii. Amayi onse anatembenukira kwa Victoria. Wina anatsokomola. A Mervis, mnzawo wa malemu wa mumphakati wa kutchalitchi, amene anakhala kumbuyo kwake, anamukoka chitenje. Victoria anaganiza kuti chamasuka, n'kuchikonza. Misozi inali ikutsika. Mumtima ankafuna kukuwa, koma anadziuza kuti ino si nthawi ya zofuna zake, bambo ake alankhula okha pamaso pa anthu, osawakakamiza. A Bonifasio anadzutsa mutu kamodzi n'kumuyang'ana. Iye anawagwedezera mutu mwachikondi, kuwauza kuti ndamva, ndili nanu.

A Zikhalo anadikira pang'ono, kungoti mawa anthu asadzanene kuti sanadikire.

"Mwamva nonse. Eni ake anena, mbumba sinatsutse. Ife sitingamange munthu miyendo."

Anakodola anyamata, ndipo anabweretsa nkhuku ndi kalichero ka ufa, n'kuzipereka kwa a Gerevazio, chizindikiro choti munthu wawo wamasulidwa. A Gerevazio analandira ndi manja awiri, maso ali pansi. Anthu anawomba m'manja mofooka n'kuyamba kudzuka, ena osatsanzika.

A Mervis anamukokera Victoria kuseri kwa bafa.

"Iwe mwana wa Filomena, bambo ako anakulakwira chiyani?"

"Bwanji, amayi?"

"Wangokhala phwii ngati thumba la chimanga! Ndakukoka, ndakukokanso, iwe n'kumakonza chitenje. Amene wawathamangitsa ndi iwe, si Zikhalo ayi."

"Koma anena okha kuti akufuna kupita."

"Ukanafuna anene chiyani? Kuti chonde ndisungeni? Mwamuna amanena choncho, mwana wamkazi n'kukana! Ngakhale mwana wa dzulo amadziwa. Ine ndikanakhala wa mbumba yanu ndikanaimirira, koma ndine wapadera, pakamwa panga sipawerengedwa. Mayo ine, Filomena asanazizire n'komwe."

Victoria anathamanga osavala bwino patapata. A Zikhalo anawapeza akukwera galimoto ya Kingsley.

"Amalume, ine sindimadziwa. Itananinso anthu, ndikufuna kulankhula. Ababa sapita."

"Anthu ake ati, abalalikawa? Nkhuku yaperekedwa kale, mwana wanga. Nthawi yolankhula inalipo, tinakudikira, aliyense waona." Anakhazikika pampando n'kukoka lamba. "Ife timayesa kuti kunja mumaphunzira zambiri."

Victoria anatembenukira kwa mlongo wake Kingsley.

"Iwe unkadziwa."

"Ine ndimayesa inunso mukudziwa, achemwali. Ndimayesa mwasankha." Kingsley sanamuyang'ane. Ankapukuta galasi la kutsogolo ndi kansalu, pamalo poyera kale.

"Malowa ndi anga. Sumangapo chilichonse."

"Ndi anu, inde. Mudzakhalamo inu? Mlungu wamawa muli mu ndege. Nyumba yopanda munthu imagwa yokha, ndipo amalume ndi amene amayang'anira za mbumba inu kulibe."

Bambo ake anawapeza kuchipinda, atavula jekete, akulipinda pabedi. Anagwada pakhomo.

"Ababa, ndikhululukireni, sindimadziwa. Musapite. Malo ndi anga, ndikunena ine, khalani."

"Ukunena kuno kuchipinda."

"Ndikanena paliponse. Ndipita khomo ndi khomo, ndikanena kutchalitchi Lamulungu."

"Ukatero aziti chiyani? Aziti mkamwini anasudzulidwa, nkhuku inalandiridwa, koma wakakamira, watuma mwana kukamulirira m'makomo. Zaka zonsezi ndayenda m'mudzi muno mutu uli m'mwamba, pa malo osakhala anga. Ndisayambe kuzemba anthu nditakalamba."

"Nanga bwanji simunandiuze dzulo? Ndinakufunsani!"

"Ndikuuze kuti mawa undipemphere malo? Ndiye kupempha komweko." Anaika jekete m'sutikesi n'kulisalaza ndi dzanja. "Sunalakwe dala. Tinakutumiza kutali tokha, tinkanyadira. Dzuka, pansipo pakuzizira."

Victoria anayesabe. Anapita kwa akuluakulu a mphakati, anapita kwa amayi achikulire a mbumba ina, ndipo onse anamumvera chisoni, onse anamuuza chimodzimodzi, kuti zikanatheka bambo ake akanavomera, koma munthu sungamubwezere ulemu pomukakamiza kuutaya. Anapempha bambo ake kuti apite naye kunja. Anaseka. Anawapempha kuti awapezere nyumba pa boma. Anati pa boma akadziwa ndani.

Ananyamuka Loweruka. Kingsley anatumiza galimoto ya kampani, yobiriwira, ndipo anakweza bedi, matiresi, sutikesi, wailesi ndi mpando umodzi. Uvuni sunyamulika. Pamene ankatuluka, thirakitala inali ikutsitsa mchenga kutsogolo kwa tiyirumu, ndipo inachita kusuntha kuti iwo adutse. Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa njira anaimirira. A Bonifasio anakweza dzanja, akuyang'ana kutsogolo.

Ku Chongoni msewu unathera m'munsi mwa phiri, ndipo katundu anamunyamula pamutu kutsata kanjira ka otola nkhuni. Mudzi umene a Bonifasio anausiya kunalibe. Nyumba ya amayi awo inali munda wa nyemba. Alongo awo onse anali kumanda, anzawo a ubwana chimodzimodzi. Anthu ankatuluka m'nyumba kudzapereka moni mwaulemu, kenako n'kunong'oneza a Gerevazio kuti awa ndi ndani. Wina anati nkhopeyi si yachilendo, anaionapo penapake.

A Elena, akazi awo a Gerevazio, anali atasesa kachipinda kosungiramo mbewu ya kachewere. Matumba ena anali akadali pakona, ndipo munkanunkha dothi ndi mankhwala a anankafumbwe. Bedi linakana kulowa mpaka anachotsa chitseko.

"Pepani achimwene, ndi pamene tili napo," anatero a Gerevazio. "Tikakolola tidzaona."

"Pakwana, pakwana. Munthu mmodzi amafuna malo otani?"

Victoria anayala bedi, anaika wailesi pawindo, anasuntha matumba kuti pakhale podutsa. Atatha zonse anasowa chochita ndi manja ake. Anayamba kunena kuti adzabwera Khirisimasi, kuti adzamanga nyumba yabwino pompano, kuti adzaimba foni tsiku lililonse. Kenako anayamba kulira.

"Usalire pano, mayi," anatero a Bonifasio motsitsa. "Eni nyumba aziti sitinakondwe ndi chipinda chawo. Pita, dalaivala akudikira, ndi wa ntchito."

Anamuperekeza mpaka pa mtengo wa mkuyu pamene kanjira kamayamba kutsika, n'kumugwira dzanja monga amachitira ndi mlendo wolemekezeka. Victoria atatsika pang'ono anacheuka. Bambo ake anali atabwerera kale pabwalo, ataima pakati, akuyang'ana uku ndi uku. Kenako anasendera kwa a Gerevazio, n'kuwafunsa chapansipansi kuti chimbudzi chili mbali iti.